FlySafair: ndege yosunga nthawi, ndi nkhawa za amene amaiyendetsa

Amalawi anzanga okhala ku Joni kuno amakonda kundifunsa za ndege chifukwa cha ntchito yanga. Ndimayendetsa kaminibasi ka nyumba ina yogona alendo ku Kempton Park, kutenga ndi kukatula anthu pa bwalo la ndege la OR Tambo. Ambiri mwa amene ndimawanyamula m'bandakucha ndi oyendetsa ndege: ena kwawo ndi ku Cape Town kapena ku Durban ndipo amagona kwathu akakhala ndi ulendo wolawirira, ena amabwera kudzayesedwa pa simulator, makina oyeserera kuyendetsa ndege ali pansi. Ndiye munthu akandifunsa kuti akwere iti popita ku Cape Town, ku Durban kapena ku Gqeberha, ndimayankha mosazengereza kuti FlySafair. Inenso ndi imene ndimakwera ndikamakaona achemwali anga ku Cape Town. Koma pali zina zokhudza kampaniyi zimene sizikundigonetsa tulo, makamaka kuyambira pamene mphekesera zoti igulitsidwa kapena iphatikizana ndi ina zinayamba kumveka.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo zambiri.

Chachikulu ndi kusunga nthawi. Munthu amene ntchito yake n'kudikirira ndege sachedwa kudziwa kampani yonena zoona. Foni ikandionetsa kuti ya ku Cape Town itera 9 koloko, ndimanyamuka molimba mtima, ndipo kawirikawiri mlendo ndimakumana naye akutuluka kumene pakhomo. Si ine ndekha amene ndaona izi. Kampani ya Cirium, imene imawerengera maulendo a ndege padziko lonse, inaika FlySafair patsogolo pa makampani onse a mu Africa ndi Middle East pa kusunga nthawi m'chaka cha 2024. Tsiku lina mukadzafika msanga pa bwalo, mudzaime pa windo muonerere mmene amachitira. Ndege ikangoima, masitepe afika kale, ngolo za katundu zili pambali, galimoto ya mafuta yalumikiza paipi yake. Anthu otsika asanathe n'komwe, mmodzi mwa oyendetsa watsika atavala chovala chowala chija, akuzungulira ndege, kuyang'ana matayala, kusuzumira mu injini, kuona pansi pa mapiko. Pasanathe ola, ndege yomweyo yanyamukanso ndi anthu ena. Kutchipa kwa tikiti kumachokera pamenepo: ndege yoima pansi siibweretsa ndalama, choncho imakhala m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Za mtengo, chinsinsi n'kugula msanga. Mukagula kudakali milungu ingapo ndipo mwasankha tsiku la mkati mwa sabata, tikiti ya Johannesburg kupita ku Cape Town imatha kuyandikira mtengo wa basi. Kusiyana kwake n'kwakuti ndege imatenga maola awiri, pamene basi pa msewu wa N1, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400, imakudyerani usiku wonse ndi gawo la tsiku. Kamodzi pachaka amachita selo ya matikiti otchipa kwambiri. Mu 2024 anali a R10. Anthu amakhala pamzere wa pa intaneti tsiku lonse ndipo opeza ndi ochepa, ndiye musakonzere ulendo wofunika pa selo imeneyo.

Pamene ife Amalawi timapunthwa ndi pa katundu. Tikiti yotchipitsitsa, imene amaitcha Lite, imalola chikwama cha m'manja chokha chosaposa makilogalamu 7. Ya Standard ndiyo imabwera ndi chikwama cha makilogalamu 20 cholowa pansi pa ndege. Ife sitiyenda manja lendelende. Munthu akamachokera ku Cape Town kupita kumudzi amakhala ndi mabulangete, nsapato za ana, mapoto, zonse zothinikizidwa m'matumba a mizeremizere aja. Ngati ndi choncho, lipirirani katunduyo pa foni pogula tikiti, ndipo mukamuyeze pa sikelo musanachoke kunyumba. Kulipira pa kauntala ya pa bwalo kumakwera mtengo, komanso kumasula thumba pakati pa anthu kuti muchotsemo zina si chinthu chosangalatsa. Dzina la pa tikiti lifanane ndendende ndi la mu pasipoti.

M'kati mwa ndege mulibe zodabwitsa. Zambiri ndi Boeing 737-800 za mipando 189, itatu uku itatu uku. Wamtali maondo amagunda mpando wa kutsogolo, koma kwa maola awiri munthu amapirira. Chakudya ndi zakumwa n'zogula, ndiye ine ndimadyeratu. Ogwira ntchito m'ndege ndawapeza aulemu. Pa ulendo wina ndinakhala pafupi ndi agogo ena amene anali kukwera ndege koyamba, atagwira mpando mwamphamvu ndi manja onse. Mtsikana wa m'ndegemo anagwada pambali pawo, n'kuwamangirira lamba, n'kuwauza m'Chizulu kuti phokoso limene amve pansi pa mapazi ndi matayala akulowa, asaope. Titanyamuka anabweranso kudzawaona. Tinthu totere sitilembedwa pa tikiti, koma ndi timene timapangitsa munthu kubwereranso.

Chimodzi choti mudziwe: mu January 2025 kampaniyi inavomera poyera kuti imagulitsa matikiti oposa mipando, monga amachitira makampani ambiri a ndege poganizira anthu amene safika, ndipo bungwe loteteza ogula la National Consumer Commission linayamba kufufuza nkhaniyi. Ine mchitidwe umenewu sindigwirizana nawo, kaya ukuchitidwa ndi kampani iti. Chodzitetezera n'kuchita check-in pa foni ikangotsegulidwa, kutatsala maola 24, kuti boarding pass mukhale nayo kale m'manja.

Kumudzi FlySafair siifika. Imapita ku Harare, Victoria Falls, Maputo, Zanzibar ndi Mauritius, koma wopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre amatsikira pa OR Tambo n'kukwera Airlink kapena Malawi Airlines, apo ayi kupita ku Park Station kukakwera basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Matikiti akakhala a makampani osiyana, siyani mpata wa maola okwanira pakati, chifukwa katundu mumayamba mwamutenga n'kukamuperekanso.

Tsopano ku zimene zikundivuta.

Amene mwakhalitsa kuno mukukumbukira kuti ndege zotchipa zinalipo zambiri. Kunali 1time, imene inagwa mu November 2012. Kunali Mango ya mtundu wa lalanje, mwana wa kampani ya boma ya South African Airways (SAA), imene matikiti ake tinkatha kugula pa kauntala ya Shoprite ndi ndalama za m'manja, chinthu chimene chinkathandiza kwambiri anthu opanda khadi la kubanki. Inaima mu July 2021 ndipo siinaulukenso. Kunali Kulula yobiriwira, ya kampani ya Comair, imene inkayendetsanso ndege za British Airways m'dziko muno. Comair inaimitsa maulendo kumayambiriro kwa June 2022, ndipo tsiku limodzi lokha mipando pafupifupi 40 pa 100 iliyonse ya maulendo a m'dziko muno inasowa. Mitengo inakwera nthawi yomweyo. FlySafair, imene inayamba kuuluka pa 16 October 2014, ndiyo inadzaza malo amenewo, moti lero imanyamula anthu pafupifupi 60 pa 100 alionse ouluka m'kati mwa South Africa. Otsalawo akugawana Airlink, SAA, Lift ndi CemAir.

Kampani imodzi kukula chonchi n'kwabwino zinthu zikamayenda. Ikangotsokomola, dziko lonse limamva.

Mphekesera za kugulitsidwa zili ndi pochokera. Lamulo la kuno limafuna kuti 75 peresenti ya mphamvu ya mavoti mu kampani ya ndege ikhale m'manja mwa anthu a m'dziko muno. Airlink ndi eni ake a Lift anakadandaula kuti FlySafair kwenikweni ili m'manja mwa ASL Aviation Holdings ya ku Ireland. Mabungwe opereka ziphaso za ndege anagwirizana ndi madandaulowo, ndipo kumayambiriro kwa 2025 kampaniyi inapatsidwa miyezi 12 kuti ikonze za umwini wake. Iyo inatsutsa n'kupita kukhoti. Nkhani ya umwiniyi si yachilendo: mu 2013 Comair ndi Skywise anaitsekereza kukhoti pa chifukwa chomwechi, n'chifukwa chake inachedwa kuyamba ndi chaka chathunthu. Ndiye munthu aliyense wa pa bwalo la ndege, kuyambira wonyamula katundu mpaka kaputeni, anali ndi maganizo ake pa amene angagule masheya amenewo. Ena ankatchula makampani oika ndalama m'mabizinesi, ena ankati pamapeto pake idzaphatikizana ndi kampani ina ya ndege. Ankakumbukiranso kuti Qatar Airways inagula 25 peresenti ya Airlink mu August 2024, ndi kuti mgwirizano woti gulu la Takatso litenge 51 peresenti ya SAA unatha mu March 2024 patapita zaka pafupifupi zitatu akukambirana.

Kuphatikizana kunayesedwapo kale. Chakumapeto kwa 2017 Airlink ndi Safair, kampani imene imayendetsa FlySafair, analengeza kuti akufuna kukhala pansi pa denga limodzi, aliyense akusunga dzina lake. Mu February 2018 bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linakana, ponena kuti mpikisano uchepa, komanso kuti SAA inali ndi masheya mu Airlink, zimene zikanalumikiza makampani oyenera kupikisana. Ndikayang'ana zimene zinachitika pambuyo pake, ndimaona kuti bungweli linaganiza bwino. Mango ndi Kulula zitagwa, tikanatsala ndi chimphona chimodzi chokha ndi SAA yodwaladwala.

Ife okwera tikamva za kuphatikizana timaganiza za mtengo wa tikiti. Oyendetsa ndege amaganiza za nambala. M'makampani ambiri a ndege, woyendetsa aliyense ali ndi malo ake pa mndandanda molingana ndi tsiku limene analembedwa ntchito. Nambala imeneyo ndi imene imanena kuti udzakhala liti kaputeni, kuchoka pa mpando wa kumanja kupita wa kumanzere, kumene malipiro ake ndi ena. Ndi imene imanena amene asankhe tchuthi cha Khirisimasi, amene akhale ku Cape Town pafupi ndi banja lake, ndi amene ayambe kuchotsedwa zinthu zikavuta. Ndipo nambalayi siisamuka nawe. Zili ngati maminibasi a pa Wenela: aliyense amadziwa amene akupakira ndi amene akutsatira, ndiye tangoganizani siteji ziwiri zauzidwa kuti kuyambira mawa mzere ndi umodzi. Amene anali wachiwiri kwawo avomera bwanji kukhala wa khumi?

Oyendetsa ndege a kuno amazidziwa bwino nkhani za ku America, ndipo amazikamba m'galimoto mwanga ngati zinachitikira abale awo. American Airlines itagula TWA mu 2001, ambiri a TWA anaikidwa kumunsi kwa mndandanda, ndipo ntchito zitachepa pambuyo pa 11 September, iwo ndi amene anayamba kupita kunyumba. Zinapweteka anthu mpaka mu 2007 dzikolo linakhazikitsa lamulo loti mindandanda iziphatikizidwa mwachilungamo. America West ndi US Airways anaphatikizana mu 2005. Woweruza mkangano wa mndandanda wa oyendetsa awo, George Nicolau, anapereka mndandanda wake mu 2007, a mbali ya US Airways anaukana, anatuluka m'bungwe lawo n'kuyambitsa lina, ndipo kwa zaka zambiri anthu ovala yunifolomu imodzi sankayendetsa ndege limodzi. Pali nkhani ya mtundu wa ndegenso. Southwest itagula AirTran mu 2011 siinafune ndege zake za Boeing 717, inazipereka ku Delta, ndipo oyendetsa anayenera kuphunzira ndege ina. Kuno vutoli lingakhale lalikulu, chifukwa FlySafair imayendetsa Boeing 737, Airlink imadalira kwambiri Embraer, pamene Lift ndi SAA ali ndi Airbus. Chiphaso cha ndege imodzi sichikulola kukhala pa chiwongolero cha ina popanda maphunziro atsopano.

Malamulo a kuno amateteza ndithu. Gawo 197 la Labour Relations Act limati bizinesi ikasamutsidwa ikuyendabe, antchito amapita nayo limodzi ndi zaka zawo za ntchito, ndipo Competition Commission imayang'ananso ngati anthu achotsedwe ntchito isanavomere kuphatikizana. Koma lamulo silikhala pansi kulemba kuti kaputeni uyu akhale pamwamba pa uyo. Zimenezo zimatsalira mabungwe a antchito ndi mabwana, ndipo ndi pamene pamabadwira chidani.

Pali bambo wina amene ndakhala ndikuwanyamula kwa nthawi yaitali, wa imvi, wofatsa, amene salephera kundifunsa za ana anga. Anali kaputeni pa imodzi mwa makampani amene anagwa. Atakhala miyezi pakhomo anapeza ntchito kwina, koma anayambira pansi, pa mpando wa kumanja, pambali pa anyamata ena amene iwo anawaphunzitsa. Tsiku lina cha m'ma 4 koloko m'mawa, tili pa maloboti a pafupi ndi bwalo, foni yawo inalira. Anaiyang'ana, n'kuitembenuza pa ntchafu, n'kukhala chete. Kenako anandiuza kuti masiku awo asinthidwanso, ndipo Loweruka limene analonjeza mwana wawo wamkazi kuti akamuonerera akusewera mpira wa manja kusukulu lapita. Ndinati, "Pepani bwana." Anangogwedeza mutu, n'kutsegula fulasiki yawo ya khofi. Kampani imene amagwirako sindiitchula. Koma kuyambira tsiku limenelo ndinaleka kuganiza kuti anthu ovala mizere ya golide paphewa alibe mavuto.

N'chifukwa chake sitalaka ya oyendetsa ndege a FlySafair ya mu July 2025 ndinaimvetsa. Inayamba pa 21 July, motsogozedwa ndi bungwe la antchito la Solidarity. Iwo ankafuna kukwezedwa malipiro ndi 10.5 peresenti, kampani inkapereka 5.7. Bungweli litalengeza kunyanyala kwa tsiku limodzi, kampani inayankha powatsekera kunja kwa masiku 7, ndipo mkangano unakula. Anthu ambiri pa Facebook ankawanyoza kuti ndi adyera, olandira kale ndalama zambiri. Koma amene ankamvetsera anazindikira kuti phata la nkhani linali roster, ndondomeko ya masiku ogwira ntchito ndi opuma. Kampani inasintha kachitidwe kakale kamene munthu ankadziwiratu masiku ake opuma, n'kubweretsa kena kosinthasintha, ndipo oyendetsa ankati sakuthanso kukonza za mabanja awo komanso akutopa. Mkanganowu unatha pa 1 August mothandizidwa ndi CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi mabwana. Anagwirizana za zaka 4, malipiro akukwera kuyambira 6 peresenti chaka choyamba kufika 6.9 chaka chomaliza, komanso malonjezo olembedwa a masiku opuma ndi ma weekend ena okhala pakhomo. Ndiyamikire kuti m'masiku amenewo maulendo ambiri anayendabe, ngakhale ena anaimitsidwa ndipo mitengo kwa makampani ena inakwera chifukwa mipando inachepa.

Kutopa kwa woyendetsa ndege si nkhani ya iye yekha. Ine woyendetsa galimoto ndikudziwa mmene maso amalemerera m'bandakucha ukagona mochedwa, koma ine nditha kuima pambali pa msewu. Munthu amene akutsitsa ndege ya anthu 189 ku Cape Town mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikuwomba, pa ulendo wake wachinayi tsiku limenelo, alibe poima. Kusunga nthawi kumene ndayamikira kuja, ndege kutera n'kunyamukanso msangamsanga, kumatheka chifukwa cha anthu awiri okhala kutsogolo aja. Ndipo anthu amenewa ali ndi kopita. Makampani a ku Dubai ndi ku Doha amawalandira ndi manja awiri, ndipo angapo amene ndinkawanyamula zaka zapitazo ali kumeneko. Kaputeni wodziwa ntchito sapangidwa m'chaka chimodzi. Akachoka ambiri nthawi imodzi chifukwa choopa kutaya nambala yawo, ndege zimakhala pansi, maulendo amachepa, tikiti imakwera.

Sindikunena kuti kuphatikizana konse n'koipa. Ku America komweko, khoti linaletsa JetBlue kugula Spirit Airlines mu January 2024 pofuna kuteteza okwera osauka, koma pofika November chaka chomwecho Spirit inali itapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole, ndipo oyendetsa ndege mazanamazana anatumizidwa kunyumba. Kampani ikamamira, kugulidwa ndi inzake kumaposa kutsekedwa. A Mango ndi a Comair akanakonda kukangana za mndandanda kusiyana ndi kukhala opanda ntchito. Ifenso tinaona Air Malawi ikutsekedwa mu 2013, ndipo kampani yatsopano, imene lero ndi Malawi Airlines, inauluka chifukwa Ethiopian Airlines inatenga 49 peresenti. Koma FlySafair sikumira. Ndege zake zimadzaza. Vuto lake ndi la mapepala a umwini, ndipo limenelo lingathe popanda kuimeza kapena kumezetsa ina.

Ine ndingakonde masheyawo atagulidwa ndi anthu a m'dziko muno amene alibe kampani ina ya ndege, kuti Airlink, Lift, CemAir ndi SAA apitirize kulimbana nayo pa mitengo, ndipo mndandanda wa oyendetsa ukhale mmene ulili. Kwa inu okwera, ndikuti ikwereni, gulani msanga makamaka ya December, lipiriranitu katundu, ndipo muziyang'ananso mitengo ya Lift ndi Airlink musanadine batani, chifukwa masiku ena amatsika kuposa FlySafair ndipo timafunika kuti nawonso akhalepo. Kwa aliyense wogula kampaniyi, funso langa loyamba ndi lakuti ngati walonjeza kulemekeza mgwirizano wa zaka 4 umene oyendetsa ndege anasainira mu August 2025, makamaka gawo la masiku opuma.